Doo wop: nyimbo za anyamata omwe chuma chawo chinali pakamwa pokha

Mu February 1956, anyamata angapo a mumzinda wa New Haven ku America anatsika masitepe n'kulowa m'chipinda chapansi pa tchalitchi cha Katolika cha St. Bernadette. Sanapite kukapemphera ayi. Situdiyo yeniyeni inali ya anthu a ndalama, ndiye iwo anangopempha chipindacho n'kuikamo makina ojambulira mawu. Wotsogolera nyimbo, Fred Parris, anali msilikali yemwe anabwera kwawo pa tchuthi. Pomwe nyimbo imene anajambula tsikulo, "In the Still of the Night", inkayamba kumveka pa wailesi, mwini wakeyo n'kuti atatumizidwa kale ku Japan. Pa mndandanda wa nyimbo zotchuka m'dziko lonselo inangofika pa nambala 24. Koma mpaka lero, munthu akafuna kuonetsa mnzake kuti doo wop n'chiyani, kawirikawiri amayamba wamuikira nyimbo ya The Five Satins imeneyi.

Mukaipeza muimvetsere bwinobwino. Zida zoimbira zilimo, koma zili patali, ngati zikulira kuseri kwa khoma. Chimene chasenza nyimbo yonse ndi pakamwa pa anthu: mmodzi akudandaula za chikondi, anzake kumbuyo akubwereza timawu topanda tanthauzo, shu-du, shubi-du, osatopa. Timawu totere ndi timene tinadzapatsa nyimbozi dzina. Oimbawo pa nthawi yawo sankadzitcha oimba doo wop. Ena ankati akuimba rhythm and blues, ena ankati rock and roll, ena ankangoti akuimba basi. Dzinali linayamba kulembedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo linadzakhazikika zenizeni nyimbozo zitazilala kale, anthu akuzikumbukira ngati zakale.

Mmene ankagawanirana mawu

Amene munaimbako kwaya simuvutika kumva kagawidwe kake, chifukwa ndi komweko, kungoti aliyense wapatsidwa ntchito yoonjezera. Gulu linkakhala la anthu anayi kapena asanu. Mmodzi ankatsogolera, nthawi zambiri wa mawu a tenala. Pambuyo pake pankakhala tenala woyamba, tenala wachiwiri, wina wa mawu apakati, kenako besi. Atatu apakatiwo ntchito yawo inali kuthira mang'ombe, kuyandikanitsa mawu awo mpaka womvera alephere kusiyanitsa kuti awa ndi a ndani. Tenala woyamba nthawi zina ankawasiya anzakewo n'kukwera pamwamba ndi timawu tating'ono tonga ta mtsikana, n'kumayandama pamwamba pa wotsogolerayo mopanda liwu lililonse lomveka.

Koma munthu amene ine ndimamuona kuti ndiye mwini doo wop ndi wa besi. M'kwaya ya kutchalitchi besi amangoyala mphasa kuti ena akhalepo. Kuno ayi. Besi ndiye ng'oma, ndiyenso gitala wamkulu uja. Kawirikawiri ndiye amatsegula nyimbo ndi bom ba-ba bom wake, amalumikiza ndime ina ndi inzake, ndipo nyimbo ikafika pakati nthawi zina amasiya kuimba n'kuyamba kulankhula, kumuchonderera mtsikanayo ndi mawu a pansi pa chifuwa. Gulu lopanda besi wabwino linkadziwika msanga.

Makiyi ake ndi osavuta mochititsa manyazi. Nyimbo zambirimbiri zinamangidwa pa makiyi anayi ongozungulira: mukayambira pa C, mupita pa A minor, kenako F, kenako G, n'kubwereranso pa C. Nyimbo ikakhala yapang'onopang'ono, woimba piyano ankagogoda katatu pa kugunda kulikonse, ta-ta-ta, ta-ta-ta, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mwana amene waphunzira gitala mwezi umodzi atha kuziimba zonsezo. Kuvuta kwake kunali kwina: kuti anthu asanu apume nthawi imodzi, atsegule pakamwa mofanana, atsekenso nthawi imodzi. Gulu la The Moonglows linafika pokhala ndi kaimbidwe kakekake kotulutsa mawu ngati akupemerera moto, huu, kuti mawu anayi atuluke ngati mpweya wa munthu mmodzi.

Nanga zinkaphunziridwa kuti? Pamphambano za misewu madzulo, pansi pa getsi la mumsewu. M'masitepe a nyumba zosanjikizana. M'masiteshoni a sitima zoyenda pansi pa nthaka. Ngakhale m'zimbudzi za kusukulu, ndipo musaseke, chifukwa makoma a matailosi amabweza mawu, moti anthu anayi amamveka ngati asanu ndi atatu. Aliyense amene anayesapo kuimba m'bafa akudziwa zimene ndikunena. Anyamatawa anali ana a anthu osauka a ku Harlem, Bronx ndi Brooklyn (madera a mumzinda wa New York), Baltimore, Philadelphia, Chicago ndi Los Angeles. Lipenga kapena piyano zinali zodula, pomwe pakamwa anabadwa napo. Dera lililonse linali ndi gulu lake, ndipo magulu ankapikisana ngati matimu a mpira. Amene adzimva kuti apsa ankapita ku Apollo Theater ku Harlem Lachitatu usiku, tsiku la oimba ongoyamba kumene. Anthu a kumeneko analibe chisoni. Ukalakwitsa ankakukuwiza, ndipo panali munthu wolembedwa ntchito yoti akuchotse pa nsanja anthu akuseka.

Kumene zinachokera

Kuyambira cha m'ma 1910 mpaka 1970, anthu akuda pafupifupi 6 miliyoni anasamuka kumwera kwa America kupita m'mizinda ya kumpoto ndi kumadzulo, kuthawa tsankho komanso kufuna ntchito m'mafakitale. Anapita ndi nyimbo zawo za kutchalitchi, makamaka kaimbidwe ka amuna anayi opanda zida, komwe magulu monga Golden Gate Quartet ya ku Virginia anakatchukitsa pa wailesi. Ana obadwira m'mizindamo ndi amene anadzakhala oimba doo wop. Ambiri anayambira m'kwaya, n'kungosintha woimbiridwa: dzulo Yesu, lero mtsikana wa nyumba yoyandikana nayo.

Magulu awiri ndi amene anaonetsa kuti kuimba kotereku kungadyetse munthu. The Mills Brothers, abale anayi a m'tauni ya Piqua ku Ohio, anatchuka kuyambira mu 1931 chifukwa chotsanzira malipenga ndi pakamwa, ali ndi gitala mmodzi yekha. Omvera pa wailesi sankakhulupirira kuti mulibe bandi. Kenako panabwera The Ink Spots ochokera ku Indianapolis, omwe mu 1939 anagulitsa kwambiri ndi nyimbo ya "If I Didn't Care". Iwowa ndi amene anakhazikitsa dongosolo lija: Bill Kenny pamwamba ndi tenala wake wosalala, Hoppy Jones pansi akulankhula ndi besi pakati pa nyimbo. Magulu awiriwa ankaimba mwaulemu, mokomera azungu ndi anthu akuda omwe. Ndipo mwayi unawagweranso oimba pakamwa pamene bungwe la oimba zida linaletsa mamembala ake kujambula mbale za galamafoni kuyambira mu 1942 mpaka 1944 pa mkangano wa malipiro. Oimba pakamwa sanali m'bungwelo, ndiye makampani anapitiriza kuwajambula, mawu a anthu akugwira ntchito ya zida.

Nkhondo itatha, kaimbidweko kanayamba kutentha. Ku New York mu 1946 kunabadwa The Ravens, omwe anachita zachilendo poika wa besi, Jimmy Ricks, kutsogolo. Koma ambiri amati chiyambi chenicheni ndi The Orioles a ku Baltimore. Mtsikana wachiyuda wa mumzindawo, Deborah Chessler, anawalembera nyimbo yakuti "It's Too Soon to Know" n'kukhalanso woyendetsa gululo, chinthu chosaoneka kawirikawiri mu 1948, mumzinda womwe azungu ndi anthu akuda ankakhala motalikirana. Nyimboyo inafika pa nambala 1 pa mndandanda wa nyimbo za anthu akuda, n'kulowanso mwa nyimbo 20 zapamwamba pa mndandanda wa dziko lonse. Wotsogolera, Sonny Til, sankaimba mwaulemu ngati Bill Kenny. Ankaimba ngati munthu amene chikondi chamupweteka dzulo lomwe, thupi litapendekera pa maikolofoni, atsikana akukuwa. Anyamata a m'misewu anaona zimenezo n'kunena kuti, nafenso tingathe.

Oriole ndi mbalame yomwe boma la Maryland linaisankha kukhala chizindikiro chake, raven ndi mtundu wa khwangwala. Ndiye anyamata otsatira anangoti dzina labwino ndi la mbalame: The Crows, The Swallows, The Cardinals, The Larks, The Robins, The Flamingos, The Penguins. Mbalame zitatha anatembenukira ku magalimoto omwe sakanatha kugula, n'kukhala The Cadillacs, The El Dorados, The Edsels.

Chaka cha 1954, ndi funso la ndani akudya

Kuti mumvetse zimene zinachitika m'chaka chimenechi, muyambe mwadziwa kuti msika wa nyimbo ku America unali wogawikana ngati mmene mabasi ndi masukulu a kumwera analili. Magazini ya Billboard inali ndi mndandanda wa nyimbo za aliyense, kutanthauza azungu, ndi wina wa anthu akuda, womwe mpaka 1949 unkatchedwa wa "race records" usanasinthidwe kukhala rhythm and blues. Makampani akuluakulu monga RCA Victor, Columbia ndi Decca analibe nazo chidwi kwenikweni nyimbo za anyamata a m'misewu. Amene ankazijambula anali makampani ang'onoang'ono: Atlantic ku New York, Chess ndi Vee-Jay ku Chicago, Dootone ku Los Angeles, ndiponso Rama ndi Gee a George Goldner. Ena mwa makampaniwa ofesi yawo inali chipinda chimodzi.

Chimene chinagwetsa mpandawo ndi wailesi ya usiku. Ana a azungu ankatsegula wailesi makolo atagona, n'kumamvera oulutsa mawu monga Alan Freed, yemwe anayamba kuika nyimbozi ku Cleveland mu 1951 n'kusamukira ku New York mu 1954. Wailesi siona khungu la womvera. Mu 1954 nyimbo ya The Crows yakuti "Gee" inadumpha mpanda n'kulowa pa mndandanda wa azungu. Inatsatidwa ndi "Sh-Boom" ya The Chords, anyamata a ku Bronx, yomwe inalowa mwa nyimbo khumi zapamwamba. Kumapeto kwa chakacho The Penguins a ku Los Angeles anatulutsa "Earth Angel", yojambulidwa m'galaja ya munthu, ndipo poyamba inali kuseri kwa mbale, mbali yomwe kampani sinkaiwerengera.

Apa ndi pamene makampani akuluakulu anadzidzimuka. Njira yawo inali yachidule: kutenga nyimboyo, kuipatsa oimba achizungu, kuisalaza, n'kuifalitsa ndi mphamvu zomwe kakampani kakang'ono kalibe. Gulu la The Crew-Cuts la ku Toronto linaimbanso "Sh-Boom" pa kampani ya Mercury n'kukhala pa nambala 1 milungu ingapo. Linaimbanso "Earth Angel". The McGuire Sisters anatenga "Sincerely" ya The Moonglows n'kufika nayo pa nambala 1 mu 1955.

Wina angafunse kuti, kodi kumeneko si kuba? Mwalamulo sikunali kuba. Lamulo la ku America la mu 1909 linkalola aliyense kujambulanso nyimbo yomwe yatuluka kale, bola alipire masenti awiri pa mbale iliyonse. Koma masentiwo sankapita kwa amene anaimba poyamba, kapena kwa amene anakonza kagawidwe ka mawu. Ankapita kwa amene walembedwa kuti ndiye anapeka nyimboyo, ndi kwa kampani yosunga umwini wake. Choncho chuma chonse chinali pa kadzina kakang'ono kolembedwa pansi pa mutu wa nyimbo pa mbalepo. Eni makampani ankazidziwa zimenezi. Anyamata a zaka 16 kapena 17, omwe maloto awo anali kudzimva pa wailesi ndi kuvala suti yonyezimira, sankazidziwa. Mukayang'ana mbale ya "Sincerely" mupeza mayina awiri: Harvey Fuqua, woimba m'gululo, ndi Alan Freed, woulutsa mawu uja. Kulemba woulutsa mawu ngati wopeka nawo inali njira yodziwika yomupatsira kangachepe kuti nyimboyo aziika pafupipafupi.

Nkhani imene imandiwawa kwambiri ndi ya Frankie Lymon. Anali mwana wa ku Harlem, wa zaka 13, pomwe iye ndi anzake anayi anajambula "Why Do Fools Fall in Love" pa kampani ya Goldner. Gululo linkatchedwa The Teenagers, ndipo awiri mwa iwo, Herman Santiago ndi Joe Negroni, anali a mabanja ochokera ku Puerto Rico. Mbaleyo inatuluka kumayambiriro kwa 1956, inagulidwa kwambiri ku America, ndipo ku Britain inafika pa nambala 1. Mawu a Lymon anali asanasinthe, anali a kamwana, koma ankawaponya molimba mtima ngati munthu wamkulu, akuvina uku ndi uku. Ana ankagula nyimbo zoimbidwa ndi mwana mnzawo, ndipo magulu a tiana anabuka paliponse. Mu 1957 anakaimba ku holo yotchuka ya London Palladium ku Britain. Chaka chomwecho, pa pulogalamu ya pa TV ya Alan Freed, Lymon anaoneka akuvina ndi mtsikana wachizungu. Mawailesi akanema a kumwera anakwiya, pulogalamuyo inathetsedwa.

Kenako akuluakulu anamuchotsa m'gulu kuti aziimba yekha. Mawu anasintha monga amachitira mnyamata aliyense, nyimbo zinasiya kugulidwa, ndipo n'kuti atayamba kale mankhwala osokoneza bongo a heroin. Anamwalira mu February 1968 ali ndi zaka 25. Nanga kadzina kaja pa mbale? Dzina la Goldner linalembedwa ngati wopeka nawo, kenako linalowedwa m'malo ndi la Morris Levy, munthu wamalonda yemwe anagula makampani a Goldner. Santiago ndi mnzake Jimmy Merchant anapita kukhoti patapita zaka zambiri, ndipo mu 1992 khoti linavomereza kuti iwo anapeka nawo nyimboyo. Mu 1996 khoti la apilo linagwetsa chigamulocho. Silinanene kuti sanapeke, linangoti anachedwa kudandaula.

Pena chimene chinkalandidwa linali dzina la gulu lenilenilo. The Drifters anayamba mu 1953 pa kampani ya Atlantic, wotsogolera ali Clyde McPhatter, mwana wa m'busa yemwe anabweretsa kulira kwa nyimbo za kutchalitchi m'nyimbo za chikondi. McPhatter atachoka, dzina la gululo linatsala m'manja mwa manijala, George Treadwell, yemwe ankalipira oimbawo pa mlungu ngati antchito ena aliwonse. Mu 1958 anawachotsa onse nthawi imodzi, n'kutenga gulu lina lotchedwa The Five Crowns, momwe munali Ben E. King, n'kuwauza kuti kuyambira lero The Drifters ndinu. Ogula mbale ambiri sanadziwe n'komwe. Ndipo poti chilungamo n'chovuta, gulu latsopanolo ndi limene mu 1959 linatulutsa "There Goes My Baby", nyimbo imene inalowetsa zeze wachizungu, mavayolini, m'kaimbidwe kameneka n'kutsegula njira ya nyimbo za soul.

Sikuti onse anagwa chagada. The Platters, pansi pa manijala wawo Buck Ram, anakhala gulu logulitsa kwambiri m'zaka zimenezo. Kulowa kwawo ku Mercury kunali kwa mwayi: kampaniyo inkafuna The Penguins, Ram, yemwe ankayendetsa magulu onse awiri, n'kunena kuti mukafuna awa mutengenso awa. The Penguins sanaphulenso kanthu kumeneko, pomwe The Platters, ndi mawu a Tony Williams komanso mtsikana mmodzi, Zola Taylor, anafika pa nambala 1 ndi "The Great Pretender" mu 1956. Komabe kutchuka sikunkachotsa tsankho. Magulu akapita kukaimba kumwera ankagona m'nyumba za anthu kapena m'basi chifukwa mahotela ambiri sankalandira munthu wakuda, ndipo m'maholo ena ankamanga chingwe pakati, azungu uku, anthu akuda uko.

Pamene ena analowamo

Mumzinda wa New York mabanja a anthu akuda, a ku Puerto Rico, a ku Italy ndi achiyuda ankakhala m'madera oyandikana, ana awo akumva wailesi imodzimodzi. Pofika 1958 anyamata a mabanja ochokera ku Italy anali atalowamo ndi mtima wonse. Odziwika kwambiri ndi Dion and the Belmonts, omwe anatenga dzina ku msewu wa Belmont Avenue ku Bronx. Iwowa ndimawasiyanitsa ndi The Crew-Cuts aja. Sanapatsidwe nyimbo ndi kampani kuti aisalaze. Anaiphunzira pamphambano zomwezo, kwa anyamata akuda omwe ankawasirira. Panalinso magulu osakanikirana, monga The Del-Vikings, asilikali a ndege omwe anakumana pafupi ndi Pittsburgh n'kutchuka ndi "Come Go with Me" mu 1957, ndi The Crests a ku New York.

Atsikana sankaloledwa kuima pamphambano usiku, ndiye iwo ankaphunzirira kusukulu ndi kutchalitchi. The Chantels anali ana a sukulu ya Katolika ya St. Anthony of Padua ku Bronx, komwe anaphunzira nyimbo za Chilatini. Mukamva Arlene Smith akukweza mawu mu "Maybe", yomwe inatchuka kumayambiriro kwa 1958, mumva kwaya ija ili momwemo. Iwo pamodzi ndi The Shirelles a ku New Jersey ndi amene analambula njira ya magulu a atsikana a m'ma 1960.

Ndikafunsidwa kuti pamwamba penipeni pa luso limeneli ndi pati, ndimaloza ku The Flamingos a ku Chicago ndi nyimbo yawo ya mu 1959, "I Only Have Eyes for You". Inali nyimbo yakale ya m'ma 1930, koma anaichedwetsa, n'kuika timawu tija tikubwerera ngati tikuchokera m'phanga. Palibe chothamangira, palibe wodzionetsera. Ena mwa oimbawo anakulira mumpingo wa anthu akuda otsata chiyuda, ndipo kaimbidwe kawo kali ndi kachisoni kena komwe magulu ena analibe.

Chakumapeto kwa 1959 nyumba ya malamulo ya ku America inayamba kufufuza ziphuphu zomwe oulutsa mawu ankalandira. Alan Freed anachotsedwa ntchito, ndipo sanadzukenso mpaka imfa yake mu 1965. Anthu ankaona ngati doo wop yatha. Koma inatsitsimuka mwa njira yachilendo. M'kasitolo kena ka pansi pa nthaka pa Times Square ku New York, komwe mwini wake anali Slim Rose, achinyamata anayamba kusakasaka mbale zakale zomwe sizinagulidwe pa nthawi yake. Zina zinatulutsidwanso n'kutchuka patapita zaka. Chaka cha 1961 chinakhala ngati phwando lotsanzikana: The Marcels a ku Pittsburgh anatenga nyimbo yofatsa yakale, "Blue Moon", n'kuitsegula ndi besi wothamanga ngati wothawa njuchi, ndipo inafika pa nambala 1 ku America ndi ku Britain komwe.

Chaka chomwecho ndi chimene nkhaniyi imakhudzira kumwera kwa Africa kuno. Anyamata a ku Brooklyn otchedwa The Tokens anafika pa nambala 1 ndi "The Lion Sleeps Tonight". Nyimbo imeneyo muzu wake ndi "Mbube", yomwe Solomon Linda ndi gulu lake la Evening Birds anajambula ku Johannesburg mu 1939 pa kampani ya Gallo. Kaimbidwe kake mukakamva n'kachibale: amuna angapo akugunda pansi ndi besi, mmodzi akuyandama pamwamba ndi timawu tating'ono. Linda analandira kandalama kochepa, umwini n'kutsala ndi kampani. Anamwalira ali wosauka mu 1962, ndipo banja lake linadzapeza mgwirizano wa malipiro mu 2006 pambuyo pa mlandu. Kadzina kaja pa pepala kanagwira ntchito yomweyo kutsidya lino la nyanja. Tisaiwalenso kuti mbale za The Mills Brothers ndi The Ink Spots zinkafika ku South Africa ndi ku Southern Rhodesia, ndipo magulu monga The Manhattan Brothers, omwe Miriam Makeba anaimba nawo m'ma 1950, anatengera kumeneko. Agogo athu omwe ankapita ku Joni m'zaka zimenezo anapeza kaimbidweka kali m'malokesheni. Magulu amenewo sanabadwe kuchokera ku doo wop. Anali asuweni ake, oyamwa bere limodzi.

Mu 1964 The Beatles anafika ku America, ndipo mnyamata aliyense anayamba kulirira gitala. Kuima pamphambano anthu asanu manja ali m'thumba kunayamba kuoneka kwachikale. Koma n'zoseketsa kuti tsiku limene Paul McCartney anaona John Lennon koyamba, pa chisangalalo cha tchalitchi ku Liverpool mu July 1957, Lennon ankaimba "Come Go with Me" ija, mawu ena akungopeka poti sankawadziwa. Kaimbidweko sikanafe, kanangosamuka. Harvey Fuqua wa The Moonglows anapita ku Detroit ndi mnyamata yemwe anamulemba m'gulu lake, Marvin Gaye. Mbale yoyamba ya The Miracles a Smokey Robinson, mu 1958, inali yoyankha nyimbo ya doo wop yakuti "Get a Job" ya The Silhouettes. The Temptations, The Four Seasons ndi The Beach Boys onse anamanga pa maziko omwewo a besi pansi, timawu tating'ono pamwamba.

Oimba enieniwo ambiri anabwerera ku ntchito wamba, kuyendetsa magalimoto, kugwira m'mafakitale. Kuyambira cha m'ma 1969, anthu atayamba kulakalaka nyimbo za ubwana wawo, makonsati a nyimbo zakale anawaitananso. Koma anakapeza vuto lina: usiku umodzi womwewo magulu angapo ankatha kuimba m'mizinda yosiyana, lililonse likudzitcha The Platters, The Drifters kapena The Coasters, mulibe ndi mmodzi yemwe amene anaimbapo pa mbale zoyambazo. Zinatengera kampeni ya zaka zambiri, yomwe mmodzi mwa oitsogolera anali Jon Bauman wa gulu la Sha Na Na, kuti maboma ambiri a mu America akhazikitse malamulo oletsa chinyengo chotere m'zaka za m'ma 2000.

Herb Reed, wa besi wa The Platters, ndi amene anapatsa gululo dzina, kuchokera ku liwu lomwe oulutsa mawu ankatchulira mbale za galamafoni. Ndi iye yekha amene anaimba pa nyimbo zonse za gulu loyambalo. Anathera zaka zambirimbiri m'makhoti kulimbirana dzinalo ndi anthu omwe analigula kapena kungolitola. Khoti la ku Nevada linagamula mu 2011 kuti ufulu wake pa dzinalo ukuposa wa enawo. Anamwalira chaka chotsatira, ali ndi zaka 83.